Waya wa pa chipewa cha sowo

Zimitsa jeneretayo, Tendai. Ndati zimitsa! Zula ndi pulagi yomwe, ubwere nayo kuno sowoyo, uiike pansi apa pomwe ndingaione. Iwe Chisomo, siya mbalezo, sizithawa. Khalani apa nonse awiri, ana inu.

Kodi ichi n'chiyani? Ayi, sowo ndikuidziwa, ndinayamba kugwira sowo ya magetsi amayi anu asanathe msinkhu. Ndikufunsa waya uyu. Wamanga ndani? Iwe Tendai? Abale inu, ine ndiye ndaona zinthu. Chitsulo chopindika ichi, chimene chimavundikira mano a sowo n'kumabwerera chokha ukamaliza kucheka, ife ku wekishopu tinkachitcha chipewa. Amene anapanga sowo sanachiike kuti chikongoletse. Iwe wachikokera m'mwamba, wachimanga ndi waya wa pa khola la nkhuku, mano onse ali pamtunda, ndiye ukuti chimakuchedwetsa. Ukuchedwa kupita kuti? Ukwati wa mlongo wako ndi Loweruka, lero n'Lachiwiri, mabenchi ake asanu ndi limodzi basi.

Ndipo ndakhala ndikukuona ndili pakhondepo. Thabwa waligoneka pa madiramu awiri, ukucheka pakati. Kuphazi mapatapata, malaya akulendewera, iweyo waima kumbuyo kwenikweni kwa sowo ngati ukukankha wilibala. Ndiye ukuitana mlongo wako, mkwatibwi, kuti adzagwire nsonga ya thabwa! Asa! Mphete Lowerukalo adzaivale pati, kuchala chakuphazi?

Sowoyi simuigwiranso mpaka nditamaliza kulankhula, ndipo zimene ndinene si za sowo yokha. Chisomo, mwezi wathunthu wakhala ukukana kuti bambo ako a Farai aitanidwe ku ukwati. Umati, "Sekuru, munthu amene anakulemazani mwendo n'kuthawa sangadye mpunga wanga." Ine ndimangoyang'ana kumbali. Lero wayayu wanditsegula pakamwa. Mwendo uwu sanaulemaze bambo anu ayi. Musanditong'olere maso, dikirani, nkhani saiyambira kumchira.

Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, iwo ndi anzawo anayi, kudutsa m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi pa bwato la munthu wina amene anawalanda bulangeti. Ankati akubwera zaka ziwiri zokha, apeze njinga ndi makina osokera, abwerere kwawo. Ali uko kuseri kwa mabulugamu, kumanda a pakomboni, njinga osaiona. Ine ndinabadwira pa pulazi ya fodya yomwe ino ya ku Mutorashanga, kuno kwa Ashona, Malawi ndimangomumva m'kamwa mwa anthu. Inu ndiye kaya, Chichewa chanu chodzaza ndi "saka" ndi "manje," kundiitana sekuru ngati liwu loti agogo linaletsedwa. Chabwino, ndinazolowera. Koma mudziwe kuti ife a m'komboni tinalibe kumudzi kothawira. Mshona akamuchotsa ntchito ankamanga katundu, ulendo ku ruzevha kwawo, akalime munda wa bambo ake. Ife ntchito ikatha ndiye kuti nyumba yatha, phoso, chakudya chimene mzungu ankatigawira, latha, ndi manda a makolo ako omwe wawasiya m'manja mwa ng'ombe za mzungu.

Bambo angawo anali ocheka matabwa. Masiku amenewo kunalibe zolira izi. Tinkakumba dzenje lakuya kupitirira munthu, n'kugoneka chipika cha mlombwa pamwamba pake, mizere kulemba ndi chingwe chonyika m'makala osinja. Sowo yake yaitali kuposa iwe Tendai, yogwirira mbali ziwiri. Wamkulu pamwamba, wamng'ono m'dzenje. Wa m'dzenjeyo ndiye ndinali ine, utuchi m'maso, m'makutu, m'kamwa, madzulo ukatsokomola umalavula mlombwa wokhawokha. Wapamwamba akakoka iwe uperekeze, iwe ukakoka iye aperekeze. Ukangofooka pang'ono umamva mawu kuchokera kumwamba, "Kodi m'dzenjemo mwagwa maliro?" Chakudya chake chimanga chokazinga m'thumba la kabudula ndi mahewu a m'chigubu. Loweruka phoso, ufa ndi nyemba zofumbwa, nyama pokhapokha ng'ombe ikathyoka mwendo ku dibi. Inu lero mukuti ukwati wopanda koloslo si ukwati. Kabichi wosaphika! Ife tinkapatsa akalulu a m'khola.

Dzenje limenelo linatilowetsa chinthu chimodzi m'magazi, chakuti thabwa sacheka munthu mmodzi. Mwambo wathu nawo unkanena zomwezo. Wamkulu akamagwira ntchito, wamng'ono suima manja ali m'thumba, umathamanga n'kugwira mbali inayo. Makamaka mkamwini! Mkamwini woonerera apongozi akuvutika ndi katundu, komboni yonse inkamudziwa dzuwa lisanalowe. Ulemu umenewo ndi wabwino, sindikuunyoza, ndipo ndikanakonda inu mukanakhala nawo ngakhale theka lake. Koma sowo ya magetsi siidziwa zimenezo, imafuna munthu mmodzi.

Nditakula ndinayesako ku migodi ya kolomu uko. Miyezi itatu ndinabwerako, ndinati pansi pa nthaka ndidzapitako kamodzi kokha, ena atandinyamula. Ndinalowa ukalipentala pa wekishopu ya pulazi. Zitseko za mabani a fodya, mabokosi opanikizira mabelo, makola, mipando ya kusukulu ya pakomboni imene inu munakandapo mayina anu, zonsezo manja awa. Mzungu wake tinkamutcha Mbaula, chifukwa akakwiya nkhope inkafiira mpaka m'makutu.

Tsiku limene Mbaula anabwera ndi sowo yozungulira kuchokera ku Chinhoyi, anthu anasiya ntchito kudzaonerera. Itangolira, azimayi osankha fodya ku giredingi anabalalika, wina mpaka kutaya mwana wa mnzake. Anandiphunzitsa yekha Mbaulayo, m'Chilapalapa chake, chilankhulo cha azungu ndi antchito pa mapulazi, chosakaniza ndi zotukwana. Anali munthu woipa pakamwa, koma pa sowo sananame. Manja onse awiri pa sowo, thabwa ulipane ndi chopanira kapena ulikhomere ku benchi, osati kuligwira ndi bondo. Uilole ilire kaye, ikwane liwiro, kenaka ndiye ikhudze thabwa. Mano atulukire kunsi pang'ono pokha, msinkhu wa dzino limodzi. Iwe taona wautsitsa wonse mpeniwu, theka lili kunsi. Ukucheka thabwa kapena diramu?

Ndipo matabwa akowa, ophwasula ku mapaleti oikapo katundu, wawayang'ana misomali? Sunawayang'ane. Uwo msomali uwo, ndikuuona ndili pano ndi maso anga a ng'ala. Dzino la sowo likamenya pamenepo limathyoka n'kuuluka, iwe magalasi otchinga maso wawakoleka pamphumi ngati woyendetsa njinga yamoto. Diso silimeranso, mwana iwe.

Koma chachikulu chimene Mbaula ankabwereza ndi ichi. Nsonga imene ukudula izigwa yokha. Usaichirikize, usagoneke thabwa pa zinthu ziwiri n'kucheka pakati, munthu asaigwire. Chifukwa mpata umene sowo yatsegula ukangotsekeka, thabwa limaupana mpeni, ndipo sowo ikapanidwa siima n'kupepesa. Imalumpha chambuyo, komwe kuli iwe, usanaphethire n'komwe. N'chifukwa chake umaima chambali. N'chifukwa chakenso pali chipewa, kuti chithamangire kuvundikira mano asanakupeze. Anandiloza ndi chala pamphuno Mbaulayo, amvekere amene adzamange chipewachi, tsiku lomwelo anyamule mabulangeti ake, pulazi ino asadzapondenso.

Tenga pulayazo umasule wayayo pompano, ndikuona. Pulagi wazula, eti? Ndionetse. Usagwire mpeni wa sowo pulagi ili m'malo, ngakhale magetsi atapita sabata yathunthu. Eya. Tachikankha tsopano. Waona chikubwerera mwaulesi? Utomoni wa paini ndi utuchi zadzaza mkatimo. Palafini pang'ono ndi kasanza, ntchito yosakwana kuwiritsa tiyi, chiziyenda ngati chatsopano. Zimenezi ine ndinkazidziwa bwino lomwe.

Ndinkazidziwa, koma ndinamanga. Inde, ine agogo anu a Jailosi, amene ndikukukalipiraniyu. Ndinali nditagwira sowoyo zaka zambirimbiri osadzicheka ngakhale chikhadabo, ndiye mutu unakula. Chaka china fodya anachuluka, mabani osakwana, matabwa a paini anabwera aawisi, akudontha utomoni. Chipewa chinayamba kukakamira, folomani ali pamsana panga kuti fulumira. Ndinatola kawaya pansi, ndinati lero lokha, mawa nditsuka. Mawa limenelo linatha mvula ziwiri. Ndikamva galimoto ya Mbaula ndinkaponya saka pamwamba pa sowo, n'kumayerekeza kufuna pensulo. Anyamata a pa wekishopu ankandisirira, amvekere a Jailosi ndi dolo, amacheka ndi sowo yamaliseche. Ine n'kumasekerera, chitsiru.

Tsono bambo anu. Anabwera kuchokera ku Wedza kudzayendetsa thirakitala, Mshona wa mtundu wa Azezuru, mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula. Anakonda mwana wanga Esinati, amayi anu. Akuluakulu a m'komboni anakana kwamtuwagalu. Amvekere Mzezuru ameneyu adzalowola mwana wathu ngati ng'ombe, ana n'kupita nawo kwawo. Iwo bambo anuwo anati ayi, ndikhala konkuno monga mwa mwambo wanu. Abale awo ku Wedza anawaseka kuti mwamuna wakwatiwa, iwo osalabadira. Anamanga kanyumba kuseri kwa yathu, ankalima dimba la agogo anu aakazi, Chichewa anachiphunzira chokhotakhota, "zikomo" ponseponse, ngakhale akaponda galu. Kutchalitchi tinkapita limodzi. Koma kudambwe sanalowe, gule sanagule, ndiye kwa amuna a m'komboni anakhalabe mlendo. Ine ndinali wa konsekonse, Lamulungu jekete, mwezi ukawala ng'oma, ndipo musandifunse zambiri pamenepo, si za inu.

Iwe Tendai unali utangoyamba kuyenda, kugwetsa chilichonse monga ukuchitira mpaka lero. Iwe Chisomo unali m'mimba. Kunagwa maliro a mkulu wa gule, a Kamwendo, nthawi yotentha ija mvula isanagwe, imene mtembo sudikira munthu. Bokosi linafunika dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa zilombo zinali zitakonzeka kale kudzaperekeza mwini wawo. Folomani anandilola matabwa ndi sowo. Ndinakhazika benchi panja pa shedi, akuluakulu onse atakhala pa zidina mozungulira, aliyense akulangiza. Mukudziwa pamaliro aliyense amasanduka kalipentala.

Thabwa ndinaligoneka bwino, sindinachite zako za madiramu awirizi. Nsonga inali kulendewera kunja kwa benchi kuti igwe yokha, koma inali yaitali, yolemera. Ndili pa thabwa lachitatu, bambo anu anatulukira kuchokera kumanda, komwe ankathandiza adzukulu kukumba, thupi lonse dothi lofiira. Anaona nsonga ija ikuwerama, apongozi awo akucheka okha, madoda khumi akungoyang'ana. Munthu woleredwa akanatani? Anathamanga. Amvekere, "Regai ndibate, baba." Lekani ndigwire, bambo.

Ndinawaona, ana inu. Ndinawamva. Chala changa chinali pa swichi, kungochichotsa basi nkhani ikanathera pomwepo. Kapena liwu limodzi lokha, lekani. Iwo za sowo sankazidziwa, anali munthu wa thirakitala, wodziwa ndinali ine. Koma akuluakulu aja, omwe ankawanyoza aja, anali kuyang'ana, ndipo mtima wanga unatupa. Ndinati eya, muoneni mkamwini wanga Mzezuru amene munkati alibe mwambo. Ndinapitiriza kucheka, kumwetulira, nditaima kumbuyo kwa sowo monga unaimira iwe muja. Iwo anainyamula nsongayo m'mwamba pang'ono, mwaulemu, ndi manja awiri.

Sowo inakuwa mawu ena amene ndinali ndisanawamvepo. Ndinangoona yachoka m'thabwa. Ululu sindinaumve poyamba, ndinamva ngati munthu wandimenya ndi mtengo pantchafu, n'kupezeka ndakhala pansi, ovolosi yang'ambika, sowo ili uko ikuyenda yokha m'fumbi. Chipewa chikanakhala chomasuka ndikanachoka ndi chotupa basi, mawa lake n'kumaseka. Bala lake mwaliona ndikamasamba, simufuna kuti ndilifotokoze.

Akuluakulu olangiza aja anabalalika, wina kugwa ndi chidina chomwe. Amene anavula lamba n'kumanga ntchafu yanga ndi bambo anu. Anang'amba malaya awo, kutseka bala, kundinyamula okha kukandigoneka m'ngolo ya thirakitala, liwiro mpaka ku nyumba ya Mbaula kuti galimoto inditengere kuchipatala ku Chinhoyi. Adokotala anati akanachedwa kumanga, mabokosi akanakhala awiri tsiku limenelo. Zimenezi anakuuzanipo ndani m'komboni muno? Palibe. Anakuuzani zoti anathawa.

Kumbuyo kuno mnzanga a Zuze, amene tinavinidwa limodzi, anatola sowo ija, kumasula waya mwakachetechete, kuponya m'thumba. Ankandichitira chifundo. Mbaula pobwera anapeza chipewa chili m'malo mwake, anakanda mutu. Anafunsa akuluakulu kuti chachitika n'chiyani. Iwo amvekere mkamwini wakankha thabwa. Pofika madzulo nkhani inali itamera miyendo. Ena ati anakankha dala, akufuna nyumba ya njerwa ya kalipentala. Ena ati anapita kwa n'anga kwawo ku Wedza. Munthu woti wandipulumutsa!

Mbaula anabwera kuchipatala, anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chake chakumutu chili m'manja. Anafunsa, "Jailosi, sowo inali bwino?" Ndinayang'ana denga. Ndinaona nyumba ya zipinda ziwiri, agogo anu aakazi, ana anga ang'onoang'ono atatu, manda a bambo anga. Ndichoke ndi mwendo umodzi, ndilowere kuti, munthu wopanda ngakhale chitupa cholongosoka? Ndinati, "Inali bwino, bwana." Amvekere nanga chinachitika n'chiyani. Ndinati, "Mnyamata anagwedeza thabwa." Mawu atatu okha. Ndinadziuza kuti sindinaname kwenikweni, thabwa analigwiradi.

Mawa lake anabwera bambo anu. Anagwada pansi pa simenti ya m'chipatala, anthu akuona, kuwomba m'manja mwa Chishona muja. Anati, "Baba, handina kusunda. Munozviziva." Sindinakankhe, bambo, inu mukudziwa. Za waya sanatchule. Komatu anauona, ndi amene ankandinyamulira sowoyo pa thirakitala ndikamapita ku mabani akutali. Akanangopita kwa Mbaula n'kunena, dzina lawo likanayera tsiku lomwelo, ine ndikanachotsedwa. Sananene, kwa mzungu, kwa folomani, ngakhale kwa mkazi wawo. Ankadikira kuti apongozi anene okha. Ine ndinatembenukira kukhoma, n'kunamizira tulo.

Usandigwire dzanja, Chisomo, sindinamalize, ndipo ukamva zonse mwina sulifunanso.

Nditatuluka m'chipatala ndinapeza komboni yawasala. Pa mpopi azimayi ankachotsa zidebe amayi anu akafika. Bambo anu akapereka moni, anthu ankayankha ndi chifuwa. Kubwalo kunatuluka ndi nyimbo yomwe, ya mkamwini wosema bokosi la apongozi akali moyo, ng'oma zikulira, ana akuvina, ine nditakhala pampando wa ulemu ndi ndodo zanga. Liwu limodzi langa likanaithetsa nyimbo imeneyo. Ndinangowerama, anthu n'kumati taonani a Jailosi kufatsa mtima, sakufuna n'kumutchula komwe.

Anapirira mpaka fodya atagulitsidwa, iwe Chisomo utabadwa. Kenaka anati sangathenso, apeza ntchito ku Chinhoyi, mkazi ndi ana apite nawo. Apa ndiye amalume a amayi anu anadzuka, ati ana ndi akuchikazi, sapita kwa mfiti. Agogo anu aakazi akulira, ati ndani athandize kusamala wolumalayu. Amayi anu anatsala pakati, mapeto ake anatsala kuno. Bambo anu anakwera lole ya feteleza ndi kachikwama kamodzi. Ankatumiza zovala zanu, shuga, nsapato za sukulu. Zambiri zinkabwezedwa pa geti inu osaziona.

Ndiye imvani zopusa zake. Ntchito imene ndinagulitsira munthu ija sinathe n'komwe mvula zitatu. Mapulazi anasintha eni, Mbaula anapita, wekishopu anthu anazula ndi malata omwe, sowo ija kaya inathera kwa yani. Tinatsala m'komboni muno tikulima timinda ta maganyu kwa eni atsopano. Panalibenso wondichotsa ntchito, pakuti ntchitoyo panalibe. Bwanji sindinanene pamenepo? Funsani, ndi funso labwino. Manyazi, ana inu. Anali atakula kuposa bala. Chaka chilichonse ndinkati ndinena, chaka chilichonse zinkavutirapo. Amayi anu anandifunsapo kamodzi tili awiri kudimba, amvekere, "Bambo, kodi zoona a Farai anakankha?" Ndinawakalipira kuti ukufuna kundikumbutsa zowawa. Sanafunsenso.

A Zuze anamwalira nacho chinsinsi. Agogo anu aakazi anapita osadziwa. Amayi anu anapita osadziwa, ndipo chimenecho ndicho chimandidya kuposa mwendowu kukazizira. Pa maliro awo bambo anu anabwera. Mukukumbukira. Anaima patali, ku mabulugamu, chipewa m'manja, dzuwa lonse lija, popanda wowapatsa ngakhale madzi. Iwe Tendai anakuitana ndi dzanja, unawafulatira. Ine ndinaona, ndipo ndinali ndi pakamwa pomwe pano.

Iwe Tendai ukuti chiyani? Kuti thabwa anagwirabe iwo? Mwana iwe, kodi makutuwo ndi zogwirira mphika? Anagwira chifukwa ife tomwe tinawauza kuti mkamwini amagwira. Woyenera kukana ndinali ine, womanga waya ine, woima kumbuyo kwa sowo ine. Lero Chisomo akanagwira nsonga ija, sowo n'kukulumphira, bwenzi tikuti walakwa ndi Chisomo? Ayi, usandiyankhe mwaulemu, kwiya. Uli ndi chifukwa. Ndinakudyera bambo ako uli mwana wa zaka ziwiri, n'kumakulera ine ngati ndikukuchitira zabwino.

Ndipo iwe Chisomo leka kulirira ine. Ine ndadya, ndagona m'nyumba, anthu akundipatsa mpando kulikonse. Lirira munthu amene wakalamba yekha m'kachipinda ka lendi ku Chinhoyi, ana ake awiri akumutcha mfiti, iye akudziwa zoona zake, osatsegula pakamwa zaka zonsezi. Mlandu suwola, ankatero bambo anga, ine ndinkayesa akunena za anthu ena.

Nambala ya bambo ako uli nayo, Chisomo, usakane. Amakulembera Khirisimasi iliyonse, iwe osayankha, Tendai anandiuza. Tulutsa foniyo. Ayi, sindikuti uwaitane ku ukwati. Ukwati ndi wako, uganiza wekha, ine ndalamula zokwanira pa moyo wanu. Ungoimba, undipatse. Mwina adula akamva mawu anga, ndipo akadula sindiwadandaula.

Timabatani take timeneti, zala zanga siziona. Dina ndiwe. Ikulira? Chabwino, tulukani kaye, mukaime uko ku... ayi. Ayi, khalani pomwepo. Ndinawaipitsa pa anthu, sindingakawapepese kuseri. Kweza mawuwo amveke, ndipo wina asanditsekere pakamwa ndikayamba kuzungulira.

Halo? Ndi bambo a Tendai? Ndine Jailosi, kuno ku komboni. Ayi, kulibe maliro, musadzidzimuke, tonse tili bwino. Ayi, musawombe m'manja, ndikukumvani mukuwomba, lekani, si inu woyenera kuwomba. Ana anu onse awiri ali pano, akumva. Bambo a Tendai, tsiku lija simunakankhe thabwa. Chipewa cha sowo ndinamanga ndine.